Mbiya Zopanda Kamwa

Kuseri kwa nyumbayo kunali chipinda chimene kale chinali garaja. Galimoto itagulitsidwa munalowa dongo, ndipo silinatulukemonso. Munali tebulo lalitali lamatabwa lomwe mwendo wake umodzi unali waufupi, mashelefu atatu otsamira khoma, ndowa za madzi otuwa, ndi uvuni wa gasi waukulu ngati kachipinda, wakuda kukamwa. Pamwamba pa chitseko panali chidutswa cha nyuzipepala m'felemu, chofiirira ndi ukalamba, pomwe mtolankhani wina analemba kuti mwini chipindacho ndi katswiri wa dongo. Kuchokera tsiku limenelo anthu anayamba kumuitana kuti Katswiri, poyamba mwanthabwala, kenako mwachizolowezi, ndipo iye sanaone chifukwa chowavutitsira ndi kuwakonza.

Katswiri ankaumba mbiya zopanda kamwa. Zinali zobulungira ngati dzira, zina zofika m'maondo, zamphako mkati koma zotsekeka mbali zonse: popanda khosi, popanda chivundikiro, popanda ngakhale pogwira. Ankazisalaza ndi nsangalabwi mpaka zinkawala ngati dazi la munthu wodzola mafuta. Iye mwini sankalola kuti zitchedwe mbiya. Ankazitcha Chete, n'kumazipatsa manambala, ndipo zinkakakhala m'maofesi a anthu akuluakulu ndi m'nyumba za zionetsero, kumene anthu amayenda ataika manja kumbuyo. Mnansi wake wina, wokonza mapaipi, anafunsapo kuti nanga madzi amalowera pati. Katswiri anamuyankha kuti wofuna madzi apite kumpopi, ndipo mwezi wathunthu ankangomupatsa moni wa mutu.

Chimene chinamutchukitsa sichinali kukongola kokha. Woumba aliyense amadziwa kuti dongo lotsekeka likalowa pamoto, chinyezi cha mkati chimasanduka nthunzi, nthunziyo imafuna khomo, ndipo ikalisowa imadzitsegulira lake. Anzake angapo anayesa kumutsanzira, n'kukolola mapale okhaokha. Koma za Katswiri zinkatuluka mu uvuni zamphumphu chaka ndi chaka. Ophunzira zaluso akabwera kudzafunsa chinsinsi, iye ankatambasula manja ake, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono ngati wogulitsa nsalu, n'kunena kuti dongo limadziwa mwini wake. Sanali wabodza ayi. Kuti munthu aname amayamba wadziwa zoona.

Mkazi wake anali mayi wamfupi, wosachuluka mawu, amene kale ankasoka zovala pakhonde, ndipo magalasi ake ankakhala pansonga ya mphuno ngati akuganiza zodumpha. Pa nkhani ya dongo, Katswiri ankati mayiyo amathandiza tinthu ting'onoting'ono. Iye akamaliza kuumba ndi kusalaza, ankalemba dzina lake kunsi, n'kusamba m'manja, n'kupita kukaganiza. Kuganizako kunkachitikira pampando wofewa wa pabalaza, maso ali otseka, ndipo nthawi zina kunkamveka mpaka kukhitchini. Zotsalazo zinali za mayi: kunyamulira pashelefu, kufunditsa nsalu, kudikira kuti ziume, ndi kuyatsa uvuni, poti fungo la gasi linkamupweteketsa mutu Katswiri. Iye ankatulukiranso tsiku lotsegula uvuni, makamaka kukakhala alendo.

M'chaka chake cha makumi atatu pantchitoyi, mayi wina woyendetsa nyumba yaikulu ya zionetsero mumzindamo anabwera ndi nkhani. Ankafuna kusonkhanitsa ntchito zakale za Katswiri kuchokera kwa eni ake, kuti anthu aone ulendo wake wonse pamodzi. Koma chipinda chapakati, chimene aliyense adzayambire kulowa, chinkafuna Chete zatsopano zisanu ndi imodzi, zazikulu kuposa zonse zakale. Tsiku linali litasankhidwa kale, ndipo kunatsala masabata khumi. Katswiri anavomera mayiyo asanamalize kulankhula. Madzulo ake anakagula chipewa.

Sabata yomweyo mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anaimba foni kuchokera kutauni ina yakutali. Anali ndi pakati pake poyamba, ndipo madokotala anali atamuuza kuti agone osadzuka mpaka nthawi ikwane. Mkamwini ankachoka m'mawa n'kubwera kutada. Mayi sanafunse zambiri. Anatsitsa chikwama pamwamba pa wadirobu, anachikuntha fumbi, n'kuyamba kupinda zovala.

M'mawa wa ulendo anaima pakhomo la chipinda choumbira, chikwama chili m'manja, n'kuuza mwamuna wake kuti aziumba ndithu, koma asawotche kanthu mpaka iye atabwera. Katswiri anafunsa chifukwa. Mayi anati mbiyazo zimafuna kuziyang'anira. Anatsegula pakamwa kuti awonjezere, koma Katswiri anali atayamba kale kufotokoza za masabata khumi, za chipinda chapakati, ndi za anthu ofunika amene adzafike.

"Amayi, ine ndaumba zaka makumi atatu," anatero pomaliza. "Kuyatsa gasi si kubereka mwana."

"Ayi, si kubereka mwana," mayi anavomera.

Anatulutsa pepala lolembedwa mbali zonse ziwiri ndi zilembo zing'onozing'ono za munthu wozolowera kulemba miyezo ya madiresi, analiika patebulo, n'kupempha kuti aliwerenge lonse asanagwire chilichonse. Katswiri anagwedeza mutu, maso ali padongo. Basi itanyamuka, tebulo lija linayamba kugwedera monga mwa nthawi zonse, ndipo iye anayang'anayang'ana chotchinjirizira mwendo waufupi uja. Pepalalo, atalipinda kanayi, linakwana ndendende.

Masabata atatu otsatira anali okoma. Ankadzuka m'mawa, n'kukanda dongo akuimba, n'kumanga makoma a mbiya mzere ndi mzere mpaka kutseka pamwamba. Kunena zoona, pamenepa panalibe womuposa. Manja akewo ankadziwa pamene khoma lachepa, pamene mimba ya mbiya ikufuna kutupa, ndi pamene iyenera kuyamba kubwerera. Zisanu ndi imodzi zija zinatuluka zokongola moti iye mwini anaziyenda mozungulira ataika manja kumbuyo. Pofuna kuti ziume msanga, anazindandalika pawindo pomwe dzuwa linkalowera, osazifunditsa kanthu, poti ankaona kuti nsalu za mayi zija n'zaulemu chabe. Kunja kwake kunayera mbee m'masiku ochepa. Anagogoda ndi chala, zinalira bwino.

Mayi ankaimba foni masiku onse. Ankanena za mwana, za mapazi otupa, za mkamwini amene sadziwa pomwe pamakhala mchere m'nyumba mwake momwe. Pomaliza ankafunsa ngati pepala lija analiwerenga. Katswiri ankayankha kuti pepalalo lili pamalo abwino. Mdzukulu atabadwa, mwa opaleshoni, Katswiri anasangalala kwambiri, anauza aliyense wodutsa pamsewu, koma anati adzapita kukamuona chionetsero chikatha, poti luso silidikira.

Lachiwiri lina m'mawa analonga mbiya zonse mu uvuni. Mayi ankawotcha ziwiriziwiri, koma Katswiri anaona kuti malo alipo, ndipo kuwotcha katatu n'kutaya masiku. Anatseka chitseko mwamphamvu, anayatsa moto wonse nthawi imodzi, n'kudabwa kuti mutu sukumupweteka. Kenako anakhala pampando pakhomo, chipewa chili kumutu, n'kuimbira mayi wa zionetsero uja kuti amuuze mawu oti alembedwe pakhoma la chipinda chapakati.

Anali atafika pa mawu akuti mkati mwa Chete iliyonse mwatsekeredwa bata limene ngakhale moto sungalipeze, pamene mu uvuni munamveka phokoso lotsika, ngati thumba la simenti lagwa pangolo. Mayi wa pafoniyo anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Katswiri anati ndi mnansi wake wa mapaipi, sasamala anthu ogwira ntchito ya mutu. Linamvekanso lachiwiri, lachitatu. Anawerenga mpaka kanayi, n'kusiya kuwerenga, n'kuuza mayiyo kuti amuimbiranso.

Uvuni utazizira tsiku lotsatira, anatsegula popanda mlendo aliyense. Mapale anakhuthukira pamapazi ake. Panalibe imodzi yotsala, poti zimene sizinaphulike zokha zinaswedwa ndi zinzake. Anatola phale limodzi lalikulu, losalala bwino kunja, mkati mwake muli mwakuda, n'kukhala nalo pandowa yovundikira kwa nthawi yaitali. Kunatsala masabata asanu ndi limodzi. Chipinda chapakati chinali chopanda kanthu, makalata oitanira anthu anali atapita kale, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu anayang'ana manja ake osawatembenuza.

Ali chikhalire choncho, maso anagwera pa mwendo wa tebulo. Anagwada, anatukula tebulo ndi phewa, n'kusolola pepala lija. Madzi a dongo a masabata atatu anali ataliyendera, ndipo inki inali itasungunuka n'kusanduka mitambo. Mzere umodzi wokha, wa pakona, ndiwo unkawerengeka: "Singano ili m'chitini cha mabatani."

Chitinicho chinali pamene chinkakhala nthawi zonse, pamwamba pa makina osokera. Pansi pa mabatani anapeza singano yaitali yosokera matumba, yomatidwa dongo louma chakunsonga, ndi kachidutswa ka phula kosakanizidwa ndi phulusa, kokhala ndi chidindo cha chala chaching'ono. Anaima nazo pakati pa chipinda. Kenako anapita pabalaza, pomwe pankakhala Chete yoyamba kupulumuka pamoto, imene anakana kuigulitsa zaka zonsezi. Anaigoneka pakhushoni, anavala magalasi ake, pamwamba pake n'kuvalanso akale a mkazi wake. Pafupi ndi chilembo chomaliza cha dzina lake panali kadontho kotuwa, kochepa ngati njere ya mpiru. Anaikapo nsonga ya singano, n'kukankha pang'ono. Singanoyo inalowa mpaka padiso lake.

M'nyumbamo munali Chete zina ziwiri, ina m'khonde, ina kuchipinda chogona. Zonse zinali ndi kadontho kake.

M'mawa mwake anakwera basi, singano atabaya pakolala ya jekete, chipewa atachisiya pamsomali. Anafika masana. Mwana wake anali gone m'chipinda, khanda lili pambali, ndipo atamuona anaseka mofooka n'kufunsa ngati luso laphunzira kudikira. Katswiri anamugwira pamphumi, anamufunsa za bala, n'kufunsa komwe kuli amake. Anawapeza kuseri kwa nyumba akuyanika matewera, zopanira zovala zitatu zili pakamwa.

Sanapereke moni wautali. Anazula singano pakolala n'kuionetsa. Mayi anaiyang'ana pamwamba pa magalasi, anamaliza kupanira thewera limene linali m'manja, n'kuchotsa zopanira pakamwa.

"Zonse?"

"Zonse."

"Munaika pamodzi."

"Uvuni unali ndi malo."

"Malo unali nawo, inde," mayi anatero, n'kumukankhira ndowa ndi phazi kuti akhalepo.

Katswiri anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Mayi anapitiriza kuyanika uku akufotokoza, ngati akunena za mtengo wa sopo. Anamukumbutsa za chaka chimene anasiya ntchito ya ukalaliki kuti aziumba, abale onse akuti wapenga. Anamukumbutsa za uvuni woyamba, umene unatulutsa mapale okhaokha, ndi wachiwiri chimodzimodzi. Utaphulika wachitatu, Katswiri anakhala pakhonde masiku awiri osadya, ndipo tsiku lachitatu anatulutsa malaya a ku ofesi n'kuyamba kuwasita yekha, munthu amene anali asanagwirepo simbi. Mayi anati malayawo anawaona, ndipo mtima unamuwawa kuposa mmene anamvera ndi mapale aja. Za dongo sankadziwa kanthu, koma ankadziwa kuti poto wowira amatukula chivundikiro. Pashelefu panali patatsala mbiya ziwiri zosauma bwino. Anatenga singano.

"Zitatuluka zamphumphu munandinyamula m'mwamba, muli kuvina, mukuti manja anu apeza chinsinsi. Ndinati ndikuuzani mawa. Mawa lakelo kunabwera mtolankhani."

Katswiri anabwezera singano pakolala. Mkwiyo unabwera kaye, poti kunyada kukavulala kumayamba ndi kuluma. Ananena kuti ndiye kuti zaka makumi atatu wakhala akuimirira pamaso pa ophunzira, pamaso pa anthu ovala masuti, n'kumatembenuza manja ngati chitsiru, mkazi wake ali pakhomo ndi thireyi ya tiyi, akudziwa. Anafunsa ngati ankamuseka. Mayi anati nthawi zina, pang'ono, makamaka pamene ankatembenuza manjawo kawiri. Koma anawonjeza kuti woumba mbiyazo anali Katswiriyo, ndipo iye mwini ngakhale atapatsidwa chaka sangaumbe ndi kapu yomwe.

"Ine ndimangozipatsa popumira, bambo. Zina zonse ndi zanu."

Mkwiyo uja unasowa pogwira. Katswiri anatola thewera lonyowa m'beseni, analikung'untha molakwika, n'kulipereka. Kenako anapempha, ndi mawu otsika amene mayi anali asanawamve kwa zaka zambiri, kuti abwerere naye kunyumba. Masabata anali asanu ndi limodzi okha. Popanda iye chipinda chapakati chidzakhala ndi mpweya wokha.

Mayi anakana. Sanakane mokwiya, koma anakana. Mwana wawo sakanatha kunyamula ngakhale ketulo, khanda linkafuna kusambitsidwa, ndipo mkamwini, ngakhale anali munthu wabwino, tsiku lina anamuveka mwana thewera chakumbuyo. Anati mbiya zikasweka dongo lina lilipo. Apa dongo lina panalibe.

Atalowa m'nyumba, mwana wawo anamupatsa khanda lija kuti alinyamule. Katswiri analilandira ngati mbiya yosauma, zigongono zili kunja. Pamwamba pa mutu wake, pansi pa titsitsi tofewa, liwombo linkagunda pang'onopang'ono. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuikapo mlomo mopepuka. Mwana wake anafunsa ngati adadi akulira. Iye anati ndi fumbi la m'basi.

Asananyamuke, anakhala patebulo la kukhitchini ndi kope la sukulu limene mkamwini anamubwereka, mayi akunena iye akulemba. Kabowo kamabooledwa dongo likalimba ngati sopo, osati lisanafike apo, osati litapitirira, ndipo singano imalowa chopendeka. Nsalu yonyowa pang'ono masiku atatu oyamba, youma masiku otsatira. Kutali ndi windo. M'mawa uliwonse ndi masana aliwonse, mbiya iliyonse imatembenuzidwa pang'ono kuti mbali imodzi isaume kusiya inzake. Kugogoda ndi chala n'kudzinamiza. Munthu amaika tsaya lake pambiya, ndipo ikazizira ndiye kuti madzi akadalimo. Mu uvuni, ziwiri zokha. Tsiku loyamba lonse moto ukhale wochepa ngati wa kandulo, chitseko chili chotsegula mpata wa zala ziwiri. Pampatapo amaikapo kagalasi koonera nkhope, ndipo kakachita nthunzi moto suwonjezedwa, ngakhale dzuwa lilowe.

Kopelo linadzaza masamba asanu. Katswiri anawerenga zonse kuyambira pamwamba, n'kufunsa kuti zimenezi ankazichita pa mbiya iliyonse. Mayi anati pa iliyonse. Anafunsanso kuti nanga iye ankakhala ali kuti. Mayi anati ankakhala akuganiza.

Atabwerera kunyumba anasesa mapale, n'kuyambiranso. Zisanu ndi imodzi sizikanatheka, ndipo zazikulu ngati zija sizikanauma pa nthawi yake. Anaumba zinayi, zocheperako. Kuumbako kunatha msanga, ndipo ntchito inayamba pamenepo. Anazindikira kuti mbiya yaiwisi imalemera ngati mwana wa zaka zisanu wokana kunyamulidwa, ndipo sanamvetse mmene mayi wamfupi chonchija ankazikwezera pashelefu yekha. Msana unayamba kumulankhula. Ankaiwala kuti watembenuza iti, n'kuyambiranso zonse. Nsalu zinkauma iye asanakonzeke, n'kufuna kuzinyowetsanso. Tsiku loboola linafika, ndipo dzanja limene linkamanga makoma osalala popanda kunjenjemera linanjenjemera ndi singano. Anatenga nthawi yaitali kunsi kwa mbiya iliyonse, yaitali kuposa imene kabowo kamodzi kamafuna.

Tsopano woimba foni anali iye, m'mawa uliwonse. Mayi sankafunsa zambiri. Ankangoti, tsaya likuti chiyani lero? Katswiri ankapita ndi foni kushelefu, n'kuwerama, n'kugunditsa tsaya pa mbiya iliyonse, n'kupereka lipoti: yoyamba ikuzizira, yachiwiri pang'ono, yachitatu sakudziwa chifukwa ndevu zikusokoneza. Mayi anamuuza kuti amete. Anameta. Tsiku lina mnansi wa mapaipi uja anasuzumira pakhomo kudzabwereka makwerero, n'kumupeza atakumbatira mbiya, tsaya lili pamenepo, maso ali otseka. Anabwerera chammbuyo mwaulemu, ndipo makwererowo anakabwereka kwina.

Panatsala chinthu chimodzi chovuta kuposa msana. Mayi wa zionetsero anatumiza mawu a pakhoma aja kuti Katswiri awavomereze asanasindikizidwe. Anali mawu ake omwe, okonzedwa bwino: zotsekeka kotheratu, zopanda khomo ngakhale la nyerere, chinsinsi cha manja a munthu mmodzi. Anawasunga masiku awiri. Palibe akanadziwa. Phula linalipo m'chitini, ndipo zaka makumi atatu palibe anagwadapo kuti ayang'ane kunsi. Tsiku lachitatu anaimba foni n'kunena kuti mbiya zidzakhala zinayi, mwina zosakwana, ndipo mawuwo achotsedwe. Mayiyo anadandaula kuti anthu amabwera kudzaona chinsinsicho. Katswiri anamuuza za singano, za nsalu, za kagalasi, ndi za amene wakhala akuzigwira. Kenako mayiyo anafunsa kuti ndiye alembe chiyani. Katswiri anati alembe zimene wamvazo, ndipo asaiwale kuti mayina ndi awiri.

Anawotcha ziwiri zoyamba kutatsala masiku khumi. Tsiku lonse anakhala pandowa patsogolo pa uvuni, kagalasi ka mkazi wake kali m'manja, moto uli ngati wa kandulo. Fungo la gasi linamupweteketsadi mutu, koma panalibe womudandaulira. Kagalasi kankachita nthunzi, iye n'kupukuta, n'kudikira, n'kuyesanso. Phokoso lililonse la mumsewu linkamuimitsa mtima. Ziwirizo zinatuluka zamphumphu. Anazisiya pashelefu osaimbira aliyense, poopa kuti angalankhule msanga, n'kulonga ziwiri zotsala.

Uvuni wachiwiri unazizira kutatsala masiku atatu, tsiku lomwe mayi ankabwerera, mwana wawo atayamba kuyenda yekha ndipo apongozi ake akazi atafika kudzalandira ntchito. Katswiri anadzuka m'mawa, anagwira chitseko cha uvuni, anamva kuti chazizira, koma sanatsegule. Anakakhala pakhomo mpaka masana, pamene mayi anatulukira pageti ndi chikwama chake chija. Anamulandira chikwamacho, chinthu chimene mayi anachiyang'ana mokayikira, n'kumutsogolera kuchipinda choumbira asanamwe ndi madzi omwe.

Anatsegula limodzi. Ya kumanja inali ndi mng'alu wautali kuchokera pamwamba mpaka pamimba. Ya kumanzere inali yamphumphu. Mayi anayendetsa chala pamng'alupo n'kunena kuti imeneyi inakhala kufupi ndi windo. Katswiri anavomera kuti masiku awiri oyamba, kopelo asanaliwerenge kachiwiri. Zitatu zinali zokwanira kuimika chipinda chapakati, mayi anatero, bola azitalikitse bwino kuti anthu oika manja kumbuyo apeze poyenda.

Kenako anapempha khushoni. Anagoneka ya kumanzere ija, anakankhira magalasi m'mwamba, n'kuwerama kuti aone ntchito ya singano.

"Apa munaboola ndi singano kapena ndi chala?"

"Dzanja linkanjenjemera."

"Mbewa ingalowe apa ndi ana ake."

Anatambasula dzanja kuti apatsidwe phula, koma Katswiri anati phula lisabwere, kabowoko kakhale poonekera. Mayi anaweramanso kuti akaone bwino, ndipo m'pamene anazindikira kuti mbali ina ya kabowoko kuli dzina la mwamuna wake monga mwa masiku onse, koma mbali inayo kuli zilembo zina, zolembedwa ndi nsonga ya singano, zimene moto unali utaziumitsa kale moti palibe akanazifufuta. Linali dzina la mayiyo, lonse, ngakhale lija la kwa makolo ake limene palibe analitchula chikwatiwire.

Anakhala chiweramire nthawi yaitali. Katswiri anaima pambali, manja atasowa powaika. Mayi atadzuka ananena kuti zilembozo n'zokhota, ndipo munthu amene anakhalapo kalaliki amayenera kuchita manyazi. Kenako anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, n'kudandaula kuti m'chipindamo mwachuluka fumbi chichokereni iye. Anafunsa ngati zinazo zalembedwanso chimodzimodzi. Katswiri anati zonse, ngakhale yong'alukayo. Mayi anati yong'alukayo isapite kulikonse, ikhale kuchipinda chogona, mbali yake ya bedi.

Anazinyamula awiri kupita nazo kugalimoto ya nyumba ya zionetsero itabwera mawa lake, iye mbali ino, mayi mbali inayo, akukangana za amene akupendeketsa. Katswiri anali ataonda pang'ono, msana uli wopindika, tsaya lakumanja lili lotuwa ndi dongo losachoka. Masabata asanu ndi limodzi anali atayenda ndi mapazi ake panjira imene zaka makumi atatu anadutsapo atanyamulidwa, ndipo anapeza kuti njirayo ndi yonyowa. Womunyamulayo anali mayi wamfupi amene sakanakondwa kumva chimene akuyerekezeredwa nacho, koma akuluakulu sanayeze msinkhu wa munthu pamene ananena kuti ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.